Za chaputala chomaliza chimene akubwezerani

Achemwali, ndaona funso lanu lija, loti a supervisor akubwezerani chaputala 5 cha dissertation yanu kawiri konse, ati conclusion yangobwereza zomwe munanena kale, ndipo ma references sakugwirizana ndi zomwe zili m'kati mwa pepala. Ndiyankha motalikirapo, mundipirire.

Tsegulani chaputala 1, mukopere ma objectives anu papepala lapadera, muliike pambali pa laputopu. Conclusion ntchito yake n'kuyankha mafunso amenewo basi, limodzi ndi limodzi, kuchokera pa zomwe inuyo mwapeza. Tiyerekeze mumafufuza chimene chikusiyitsa atsikana sukulu m'masekondale atatu oyendera ku Ntcheu. Matebulo ndi maperesenti munaika kale m'chaputala 4, musawanyamulenso. Pano wowerenga akufuna amve mawu anu: kuti m'masukulu atatuwa mtunda ndi umphawi wapakhomo ndi zomwe zakula, ndipo mimba, imene aliyense amathamangira kuitchula, ikubwera pambuyo. Mukatero mwanena kanthu. Ambiri amaopa kunena zotere poganiza kuti iwo ndani, ndiye amabisala kumbuyo kwa mayina a akatswiri mpaka tsamba lomaliza. Komatu amene anapita ku Ntcheu ndi inu.

Chenjerani ndi kukuza nkhani. Mwafunsa masukulu atatu, musalembe ngati mwayenda Malawi yense kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Oyesa amakugwirani pomwepo. Nenani poyera pamene kafukufuku wanu walekezera ndi zimene sanathe kuona. Ma recommendations nawo atuluke m'zopeza zanu, ndipo atchule woti achite ndani. Chiganizo choti boma lichitepo kanthu chikhoza kumatidwa pa dissertation iliyonse, n'chifukwa chake sichithandiza. Ndipo buku limene simunalitchule m'machaputala am'mbuyo lisadzatulukire mu conclusion ngati mlendo wofika nsima itatha.

Tsopano ma references. Funsani kudipatimenti kwanu kalembedwe kamene amafuna, musatengere dissertation ya mnzanu wa chaka chatha. Ngati ndi APA, dziwani kuti edition 7 inatuluka mu 2019 ndipo inasintha zingapo: olemba akakhala atatu kapena kuposerapo, m'kati mumalemba dzina la woyamba ndi et al. (kutanthauza ndi anzake) kuyambira ulendo woyamba womwe, mzinda umene buku linasindikizidwira sulembedwanso, ndipo DOI, nambala yapadera yozindikiritsa pepala pa intaneti, imalembedwa ngati link. Mukatenga mawu a munthu momwe alili, nambala ya tsamba isasowe. Kalembedwe ka Harvard kalibe buku limodzi lolamulira onse, yunivesite iliyonse ili ndi kakonzedwe kake. A zachipatala ambiri amagwiritsa ntchito Vancouver, ya manambala motsata mmene mabuku akuonekera m'pepalamo.

Koma mitu yambiri imapweteka osati chifukwa cha makoma ndi madontho. Vuto ndi kutchula zimene sitinawerenge. Ine ndinachitapo. Ndinatola dzina ndi chaka m'dissertation ya munthu wina, n'kuika m'yanga ngati bukulo ndinaligwira. Tsiku la defence mayi wina mwa oyesa anangofunsa mofatsa kuti, bukuli munalipeza laibulale iti? Chaka chomwe munthu uja analemba chinali cholakwika, ndipo ndinakopera ndi cholakwikacho. Thukuta lake sindidzaiwala. Ngati mfundo mwaiona kudzera mwa wolemba wina, APA ili ndi njira yake, mumalemba as cited in, ndipo kumndandanda wakumapeto mumaika buku lokhalo limene munawerengadi. Masiku ano kwabweranso ChatGPT, imene imatha kupeka pepala lokhala ndi dzina, chaka ndi journal zooneka zenizeni chonsecho kulibe. Chilichonse chochokera kumeneko, tsegulani DOI yake muone ngati ikufikitsani papepalalo.

Kenako chitani ntchito yotopetsa iyi, madzulo amodzi akwana. Sindikizani mndandanda wa ma references, muwerenge pepala lanu kuyambira tsamba loyamba, dzina lililonse mukalipeza muchonge pamndandandapo. Lomwe lili m'kati koma kumndandanda kulibe, lionjezeni. Lomwe latsala losachongedwa, lichotseni, ngakhale likukometsa. Yang'ananso zaka. Kalembera wa anthu anachitika mu 2018, koma lipoti lake lalikulu la National Statistical Office ya ku Zomba linatuluka mu 2019, ndiye chaka cholemba ndi 2019, ndipo wolemba ndi bungwelo. Ophunzira ambiri amapunthwa pamenepa.

Ikani Zotero, pulogalamu yosanja ma references, ndi yaulere ndipo imalumikizana ndi Word. Koma imasanja zomwe mwaipatsa. Mukakoka zolakwika ku Google Scholar, idzazisanja bwinobwino zili zolakwika chomwecho, makamaka malipoti a boma ndi mayina athu, imatha kutenga dzina loyamba n'kuliyesa la bambo.

Pa zimene munafunsa zokhudza aphunzitsi ndi mafumu omwe munacheza nawo: amenewo ndi data yanu, salowa kumndandanda. Mawu awo aoneke m'chaputala 4 ndi manambala kapena mayina ongopeka monga munalonjezera pa consent form. Mukalembanso ndime yoyamba ya conclusion, iponyeni pano tiionere limodzi, koma mayina a masukuluwo muyambe mwachotsa.