Mafunso a Owerenga: Mamendulo a Amalinyero a Sitima za Malonda

Funso: Ndagula mendulo yamkuwa pamsika wa zinthu zakale kuno ku Hull. Mbali ina kuli mutu wa mfumu, mbali ina sitima ikulimbana ndi mafunde. Kansalu kake n'kobiriwira, koyera ndi kofiira. Kodi ndi ya msilikali wapamadzi?

Yankho: Ayi, mwini wake sanali msilikali. Imeneyo ndi Mercantile Marine War Medal, yomwe boma la Britain linakhazikitsa mu 1919 kudzera mu Board of Trade. Ankapatsa amalinyero a sitima zonyamula katundu ndi anthu, amene anadutsa ngakhale kamodzi kokha m'nyanja zoopsa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Mfumuyo ndi George V. Mukayang'anitsitsa pambali pa sitimayo muona sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi ikumira, ndi ngalawa ya matanga chapatali. Mitundu ya kansaluko ikuimira nyale zimene sitima imayatsa usiku: yobiriwira kumanja, yofiira kumanzere, yoyera pamwamba pa mlongoti.

Anapereka mamendulo otere pafupifupi 133,000, choncho si osowa ayi. Chofunika kwenikweni chili m'mphepete mwake. Itembenuzeni cham'mbali, muona dzina lodindidwa ndi zilembo zazikulu. Mamendulo a nkhondo yomweyi a asilikali a King's African Rifles, amene mabanja ena ku Malawi akusungabe, amakhala ndi nambala, udindo ndi gulu la msilikali. Iyi ili ndi dzina lokha basi, n'chifukwa chake kufufuza kwake kumafuna kuleza mtima. Dziwaninso kuti aliyense amene analandira mendulo imeneyi ankalandiranso British War Medal yasiliva. Bwererani kwa wogulitsayo mukafunse. Ziwirizi zikasiyana, kuzibwezeretsa pamodzi kumavuta kwambiri.

Funso: Nanga dzina ndili nalo, ndiyambire pati?

Yankho: Yambirani ku The National Archives ku Kew, pa makhadi a BT 351, omwe mungawafufuze pa intaneti. Khadi limasonyeza dzina, malo ndi chaka chobadwira, mamendulo amene munthuyo anapatsidwa, ndipo nthawi zambiri nambala ya buku lake la ntchito yapamadzi. Nambala imeneyo ilembeni bwino, chifukwa mayina amafanana koma nambala ayi.

Kenako funani khadi la CR10, la m'kaundula wa amalinyero wa 1918 mpaka 1921. Limeneli ndiye lokoma, chifukwa limakhala ndi chithunzi cha nkhope yake. Makhadi enieniwo ali ku Southampton City Archives. Ambiri amakhumudwa apa poona manambala okhaokha m'malo mwa mayina a sitima. Amenewo ndi manambala amene sitima iliyonse inalembetsedwa nawo, ndipo tsamba la Crew List Index Project likuuzani dzina lake. Mndandanda wa ogwira ntchito m'sitima wa 1915 nawo unaikidwa pa intaneti ndi National Maritime Museum ya ku Greenwich.

Mukapanda kumupeza, musafulumire kugwa ulesi. Alembi a kumadoko ankalemba dzina mmene alimvera, makamaka la malinyero wochokera ku Aden, Somalia, India kapena kumadzulo kwa Africa. Yesani kalembedwe kawiri kapena katatu. Zaka nazo ena ankanama kuti alembedwe ntchito. Ngati anafera panyanja, muyang'aneni pa tsamba la Commonwealth War Graves Commission. Chipilala cha Tower Hill ku London chili ndi mayina pafupifupi 12,000 a nkhondo yoyamba ndi 24,000 a nkhondo yachiwiri, onse opanda manda ena kupatula nyanja.

Funso: Ndili ndi Atlantic Star koma ilibe dzina. Ndi yabodza?

Yankho: Kusowa dzina si umboni wa chinyengo. Britain inapereka mamendulo a nkhondo ya 1939 mpaka 1945, kuphatikizapo Atlantic Star, opanda mayina, pomwe South Africa inkadinda mayina pa ake. Mwini wake amadziwika ndi zimene zabwera nayo: kabokosi kokhala ndi adiresi, kapepala ka m'katimo, buku la ntchito. Musataye ngakhale chong'ambika. Zolemba zake zili ku The National Archives komweko, mu BT 395 ndi BT 382. Amalinyero ankayenera kupempha okha mamendulowa, ndiye amene sanapemphe sapezeka mu BT 395 ngakhale anayenda nkhondo yonse.

Funso: Yanga yada. Ndiipukute ndi chiyani?

Yankho: Chonde musaikhudze ndi Brasso, phulusa kapena mchenga. Zimenezi zimadya chitsulo, tsitsi la mfumu limasalala, zilembo za m'mphepete n'kufufutika. Kuda kwa mkuwa wakale ogula amakufuna. Ngati pali litsiro, tengani madzi ofunda, kasopo pang'ono ndi mswachi wofewa, osanyowetsa kansalu, kenako muumitse bwinobwino ndi nsalu yathonje. Musaisunge m'kathumba ka pulasitiki yofewa ya PVC, imabweretsa dzimbiri lobiriwira lomata. Kansalu kakale, ngakhale kasuluke, kasungeni.

Mukamatsuka, yesaninso kukula kwake. Iyenera kukhala mamilimita 36 mbali zonse. Ikachepa pamene pali dzina, wina anapala dzina loyamba ndi tupa n'kulembapo lina.