Tinsomba ta bumblebee goby tikukana kudya: vuto ndi mchere kapena njala?

Mayi wina amene amawerenga zolemba zanga ali ku Johannesburg wanditumizira imelo yofunsa za tinsomba tisanu ndi kamodzi ta bumblebee goby timene anagula m'sitolo ya nsomba zoweta. Akuti m'sitolomo tinali m'madzi opanda mchere, kunyumba kwake tikukana chakudya chouma cha m'kachitini, kamodzi kafa kale, ndipo akufuna kudziwa ngati kuthira mchere wa kukhitchini m'thanki kungapulumutse totsalato.

Mayi, tinsomba tanuti ndi ta gulu la Brachygobius, ndipo kwawo ndi ku Thailand, Malaysia, Indonesia ndi mayiko oyandikana nawo, makamaka kumene mitsinje imathira m'nyanja yamchere ndiponso m'matope a pansi pa mitengo ya mangrove. Timakula masentimita 3 kapena 4 okha, tili ndi mizere yachikasu ndi yakuda, ndipo zipsepse zake za kumimba zinalumikizana n'kukhala kambale komatira, n'chifukwa chake mumationa titakakamira pagalasi kapena pamwala m'malo mosambira uku ndi uku.

Musanaganize za mchere, yambani mwathetsa njala, chifukwa ndikukhulupirira kuti ndiyo yapha kamodzi kaja. Tinsombati timasaka chakudya ndi maso: kamakhala duu pamchenga, n'kudumphira kanthu kamene kakuyenda pafupi ndi kamwa lake, ndipo chakudya chouma choyandama pamwamba tambiri sitikhudza n'komwe ngakhale mimba itaphwa. Gulani nyongolotsi zofiira zotchedwa bloodworm ndi tinkhanu ta brine shrimp, zimene amagulitsa zoumitsidwa m'firiji. Muzisungunule m'kapu ya madzi a m'thankimo, kenako muzitsanulire pamene madzi a fyuluta akuyenda kuti zizioneka ngati zamoyo. Mphutsi za udzudzu timazikonda kwambiri, koma muzipereka tsiku lomwelo zimene mwatunga, osati kuzisunga mpaka zisanduke udzudzu pakhomo. Yang'anani mimba ya kalikonse mukatha kudyetsa. Ngati sinatukuke pang'ono, kansombako sikanadye. Ngati m'thankimo muli nsomba zina zaliwiro, zimatha chakudya chisanafike pansi, ndipo ndi bwino kuzichotsa.

Pa nkhani ya mchere, alipo oweta amene amasunga tinsombati m'madzi opanda mchere, ndipo mitundu ina ya Brachygobius imapezekadi m'mitsinje. Komabe popeza m'sitolo sadziwa nthawi zambiri kuti akugulitsa mtundu uti weniweni, ine ndimalangiza mchere wochepa. Wa kukhitchini uja musaugwiritse ntchito. Pamafunika mchere wopangira madzi ofanana ndi a m'nyanja yamchere, umene uli ndi kashiamu, maginiziyamu ndi zina zoteteza madzi kuti asasanduke asidi. Madzi a m'nyanja yamchere amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 pa lita imodzi, pamene tinsomba tanu tikufunika magalamu 4 mpaka 7 basi. Gulaninso hydrometer kapena refractometer, zipangizo zoyezera kuchuluka kwa mchere m'madzi, ndipo muyeso wake uzikhala pakati pa 1.002 ndi 1.005.

Mcherewo musauthire m'thanki uli wouma, ndipo musaukweze tsiku limodzi. Muziusungunulira mundowa, n'kumalowetsa madziwo pang'onopang'ono nthawi imene mukusintha madzi mlungu uliwonse, kuti pofika milungu itatu kapena inayi mukhale mutafika pamuyeso uja. Mukafulumira mudzavutitsa nsombazo pamodzi ndi mabakiteriya a mu fyuluta amene amachotsa poizoni wochokera ku ndowe. Kumbukiraninso kuti madzi akamaphwa mchere umatsala, choncho podzazitsa thanki imene yatsika muzithira madzi opanda mchere.

Kutentha kwa madzi kukhale pakati pa madigiri 24 ndi 28, ndipo ndi kuzizira kwa Johannesburg mu June ndi July, hita ndi yofunika ndithu. Pansi yalani mchenga wosalala, muikepo miyala, zigoba za nkhono ndi timapaipi tochuluka kuposa nsombazo, chifukwa tamphongo timalimbirana malo, ndipo kamene kasowa pobisala kamathamangitsidwa mpaka kusiya kudya. M'timapanga momwemo ndi mmene kakakazi kamaikira mazira, kamphongo n'kumawalondera mpaka ataswa. Ngati mukufuna zomera, Java fern imapirira mchere wochepa chotere, bola muimangirire pamwala kapena pamtengo osakwirira tsinde lake mumchenga.