Za mnyamata wabwezedwa kusukulu uja

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumvetsera kawiri. Ndiye mukuti mnyamata wabwezedwa kwa masabata awiri chifukwa anali m'gulu lomwe linakana kulowa m'dayiningi, ati nyemba n'zofumbwa, magalasi ena n'kusweka. Iye akuti sanalakwe, ndi ufulu wake ngati nzika, komanso mayeso a MANEB n'kuloweza chabe. Inu mukufuna kudziwa ngati MSCE alembe, nanga mumuyankhe chiyani. Nditalikitsako, muzimvetsera pang'onopang'ono.

Tiyambe ndi kalata. Mufunseni ngati wabwera nayo, chifukwa anawa amaibisa pansi pa chikwama. Muonemo zinthu zitatu: mlandu womwe akumuimba, tsiku lobwerera, ndi zomwe akufunika kubwerera nazo, kaya kholo, kaya ndalama ya magalasi. Ngati kalata palibe, mupite mukaipemphe. Si chipongwe ayi. Gawo 43 la Malamulo Oyendetsera Dziko limati ofesi ya boma ikapanga chiganizo chokhudza ufulu wa munthu, imupatse zifukwa zake molemba. Mukakalowa kwa ahedi mufunse modekha ngati mwanayo anaitanidwa ku komiti ya mwambo kuti akanene mbali yake, komanso ngati mlandu ndi wokana chakudya kapena woswa galasi. Imeneyi ndi milandu iwiri. Nthawi zambiri pa chipwirikiti mayina amangolembedwa ndi maprifekiti usiku, wakuba ndi woona n'kulowa thumba limodzi. Ndalama iliyonse mukapereke ndi lisiti. Mukaona kuti nkhani ikulowera kochotsedweratu, ofesi yoyang'anira sukulu za m'chigawocho, ya Central East Education Division, ili pa Kasungu pomwepo, mukatule dandaulo lolemba, kope ina n'kusunga kunyumba.

Kubwezedwa pakokha sikufufuta dzina lake ku MANEB. Sukulu ndi ina, MANEB ku Zomba ndi ina. Chomwe chimapweteka ana obwezedwa n'chakuti pamene iwo ali kumudzi, anzawo akusainira pepala lotsimikiza mayina ndi maphunziro omwe adzalembe. Dzina likalakwika chilembo chimodzi, kapena pakalembedwa phunziro lomwe satenga, kukonza pambuyo pake ndi ulendo wautali. Muwaimbire aphunzitsi oona za mayeso, muwafunse ngati wasaina kale, ndipo ngati chitupa cholowera m'chipinda cha mayeso chili bwino.

Tsopano za ufuluzo. Musamukalipire kuti ndi mwano, chifukwa pena akunena zoona. Zimenezo anaziphunzira mu Social Studies, aphunzitsi omwewo ndiwo anamuphunzitsa. Gawo 38 la Malamulo Oyendetsera Dziko aja limalola anthu kusonkhana ndi kuchita zionetsero, koma mawu ake akupitirira: mwamtendere, opanda zida. Mwala ndi chida. Galasi laswekalo adzagona nalo ndi iye yemwe mu Juni muno mphepo ikamaomba, ndipo ndalama yolibwezeretsa ichokera ku soya wanu. Nyemba zofumbwa ndi dandaulo lenileni, ine sindikulichepetsa. Njira yake ndi iyi: prifekiti wa zakudya atenge mbale imodzi, anankafumbwe akuyandama pamwamba, akaionetse kwa aphunzitsi oyang'anira ogonera. Zikakanika, alembe kalata kwa ahedi, tsiku lilembedwe, asaine ambiri. Zikakanikabe, nkhani ipite ku PTA, komwe inu makolo muli ndi pakamwa. Ana ambiri amalumpha zonsezi, ndipo moto ukabuka ahedi amangoti palibe anabwera kudzandiuza. Pepala pakhale palibe, mwatha.

Komanso adziwe malire a chilango. Chikwapu Unduna wa Zamaphunziro unaletsa. Kutchetcha, kukolopa, kusesa, zimenezo ndi zilango zodziwika, koma zoyenera kugwiridwa ataweruka, osati anzake ali m'kalasi iye ali ndi chikwakwa.

Za mayeso ndiye pamene ndikufuna amvetsetse, mwina mumupatse foniyi amve yekha. Zoti pepala la maola awiri silingayeze nzeru zonse za munthu, n'zoona. Koma ochonga samudziwa nkhope, amangoona nambala yake. Ku MSCE magiredi amayambira 1 mpaka 9. 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 wangokhoza, 9 walephera. Kuti apeze satifiketi ayenera kukhoza maphunziro 6, Chingerezi chili momwemo, limodzi likhale la kirediti. Kapena maphunziro 5, Chingerezi momwemo, atatu akhale a kirediti. Mapointi amawerengera maphunziro 6 omwe wakhoza bwino, ndiye ochepetsetsa ndi 6. Koma msampha uli apa. Ku mayunivesite a boma, komwe amafunsira malo kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede, amafuna makirediti 6, Chingerezi chikhale chimodzi mwa iwo. Mwana atha kukhala ndi 2 ku Agriculture, 2 ku Biology, 3 ku Masamu, Chingerezi n'kupeza 7. Satifiketi atenga, koma chitseko cha yunivesite chatsekeka. Akapeza 9 ku Chingerezi, ngakhale satifiketiyo palibe.

Ndiye masabata awiriwa asathere ku bawo kapena ku mpira wa pa vidiyo. M'mawa uliwonse maola awiri Chingerezi: chimangirizo chimodzi, samale imodzi, wotchi ili patebulo. Masana atenge mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Aziyang'anitsitsa mawu oyamba a funso. Likati state, angotchula. Likati explain, apereke chifukwa. Ambiri amataya malikisi pamenepa, nkhani akuidziwa koma ayankha zomwe sanafunsidwe, kapena ayankha mafunso onse pomwe anauzidwa kusankha awiri, nthawi n'kuwathera. Chomwe sangachite kunyumba ndi mapulakitiko, choncho apeze mnzake woyendera womukopera zomwe achita ku labu.

Kwatsala likasa. Nthawi ya mayeso ikayandikira pa WhatsApp pamadzaza ogulitsa mapepala, ambiri abodza, amangodya ndalama za pa foni. Ngakhale atakhala enieni, kumbukirani 2020. Mayeso a MSCE anabedwa, anaimitsidwa ali mkati mu Novembala, ana onse m'dziko muno n'kudzalembanso mu Januwale 2021, osalakwa omwe. Wogwidwa ndi kapepala kapena foni m'chipinda cha mayeso zotsatira zake zimafufutidwa, apolisi n'kulowererapo.

Tsiku lobwerera musamutumize yekha, ndipo musatume mnyamata mnzake kuti akaime ngati kholo, aphunzitsi amazidziwa zimenezo. Nditumizireni chithunzi cha kalatayo madzulo ano, ndione tsikulo. Ngati alamu ali otangwanika ndi fodya, kwa ahedi ndikalowa ndine, malume wake.