Funsani Amakaniko: Kodi mapadi a "performance" amaimitsadi galimoto msanga?

Makalata ambiri a mwezi uno ndi okhudza mapadi a mabuleki, makamaka aja ogulitsa amawatcha a "performance". Tasankhapo asanu.

FUNSO: Ndili ndi Toyota Mark X. Anzanga akuti ndikaika mapadi a performance galimoto izingoima pomwepo ndikaponda. Ndi zoona? Nanga ndigule ati? Wowerenga wa ku Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Anzanuwo alondola pang'ono chabe. Musanatulutse ndalama, yesani izi pamsewu wouma, wowongoka, wopanda anthu ndi njinga: fikani pa 60 km/h, kenako pondani buleki ndi mphamvu zanu zonse. Mukamva pedulo ikugunda kuphazi, ndiye kuti ABS, chipangizo choletsa matayala kumangika, yalowerera, kutanthauza kuti mapadi omwe muli nawowa ali kale ndi mphamvu zokwanira kumanga tayala. Pamenepo chomwe chikulamula mtunda woimira ndi mmene tayala likugwirira phula. Ngati matayala afika pa timizere tosonyeza kutha, pa mamilimita 1.6, ndalamayo ipite kaye ku matayala.

Phindu la mapadi amenewa limaonekera pa kutentha. Buleki imagwira ntchito posandutsa liwiro kukhala moto. Galimoto yolemera makilogalamu 1,500 ikaima kuchokera pa 100 km/h imatulutsa kutentha kokwanira kuwiritsa madzi ozizira opitirira lita imodzi ndi theka, ndipo liwiro likawirikiza kawiri kutenthako kumawirikiza kanayi. Kuima kamodzi padi iliyonse yabwino imapirira. Mukaima kachisanu, kachisanu ndi chimodzi motsatizana, utomoni womwe umamanga mnofu wa padi umayamba kupsa, ndipo padi imangotsetsereka pa disiki. Padi ya performance inapangidwa kuti ichedwe kufika pamenepo.

Pamsika mupeza mitundu itatu. Ya organic ndi yofewa, sisokosa, siwononga disiki, koma imafooka msanga ikatentha. Ya ceramic imatulutsa fumbi lochepa ndipo imakhalitsa, n'chifukwa chake eni marimu owala amaikonda. Musapusitsidwe ndi dzinalo, ma ceramic ambiri anapangidwira kuyenda mwakachetechete m'tauni. Ya semi-metallic ili ndi zitsulo zambiri mkati, imapirira moto, imaluma bwino, koma imadetsa marimu ndipo imadya disiki mofulumirirapo.

Chinthu chomwe ogula ambiri sachiyang'ana ndi zilembo ziwiri zosindikizidwa m'mphepete kapena kumsana kwa padi, monga EE, FF kapena GG. Chilembo choyamba chimanena mmene padi imagwirira isanatenthe kwambiri, chachiwiri ikatentha. Kagwiridweko kamayezedwa ndi nambala, ikakwera ndiye kuti padi ikuluma kwambiri: E ndi kuyambira 0.25 mpaka 0.35, F ndi 0.35 mpaka 0.45, G ndi 0.45 mpaka 0.55, ndipo H ndi kupitirira 0.55. Magalimoto ambiri amatuluka kufakitale ndi FF. Padi yolembedwa FE ikukuuzani yokha kuti imafooka ikatentha, ndiye isiyeni. Pa Mark X yoyenda m'tauni ndi pa M1, FF yeniyeni ndi yokwanira, ndipo GG ndiyo mungaitche kukweza.

Chenjerani ndi mapadi a mpikisano weniweni. Kampani imodzi imapanga a pamsewu ndi a pabwalo: Hawk ili ndi HPS ya pamsewu ndi DTC ya mpikisano, Ferodo ili ndi DS Performance ya pamsewu ndi DS2500 yomwe yapendekera kubwalo, pomwe EBC imasiyanitsa ndi mitundu, kuyambira Greenstuff, Redstuff mpaka Yellowstuff. Padi ya mpikisano imafuna itenthe kaye kuti igwire bwino. M'mawa wa mwezi wa June, pa mphambano yoyamba mutangotuluka pageti, imagwira moperewera kuposa padi wamba, imalira ngati nkhumba, ndipo imapala disiki yozizira.

FUNSO: Ndimatsika ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre kawiri pa sabata pa pikiapu yodzaza katundu. Ndikafika kumunsi pamamveka fungo la chopsa, ndipo ulendo wina pedulo inafewa n'kutsika mpaka pansi. Mapadi amphamvu athetsa vutoli? Wowerenga wa ku Chirimba.

YANKHO: Mwafotokoza matenda awiri osiyana, ndipo mapadi achiza amodzi okha.

Fungo lija, pamodzi ndi pedulo yolimba koma galimoto osamva, ndi mapadi omwe apsa. Apa semi-metallic ya FF kapena GG ikuthandizanidi, ndipo inu ndi mmodzi mwa anthu omwe ndalamayo siipita pachabe. Kutsika phiri la mamita 500 kumabweretsa mphamvu yofanana ndi kuima ka 12 kuchokera pa 100 km/h, ndipo mukaisiyira yonse mabuleki amakhala opanda mpata wozizira. Zimenezi n'chimodzimodzi pa Chiweta kapena potsika ku Golomoti.

Pedulo yofewa yomwe ikumira ndi brake fluid, mafuta a mabuleki, yomwe yawira. Ikawira imapanga nthunzi m'mapaipi, ndipo nthunzi imafinyika, ndiye phazi lanu limangokankha mpweya. Brake fluid imayamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono. Mitundu yake imalembedwa pabotolo ndi mawu akuti DOT ndi nambala: DOT 3 yatsopano iyenera kupirira mpaka madigiri 205, koma ikayamwa madzi pafupifupi 3.7 peresenti imatha kuwira pa 140. DOT 4 ndi 230 yatsopano ndi 155 yonyowa, DOT 5.1 ndi 260 ndi 180. Dziwaninso kuti padi yokhala ndi zitsulo zambiri imapatsira kutentha kochuluka ku pisitoni, choncho mukaika mapadi amphamvu pa fluid yakale mutha kukulitsa vuto lachiwirili.

Khuthulani yonse, osati kungowonjezera pamwamba. Lita imodzi imakwana pa magalimoto ambiri. Ikani DOT 4 kapena DOT 5.1 yochokera m'botolo lomwe mwalitsegula nokha tsiku lomwelo, ndipo muzibwereza zaka ziwiri zilizonse. DOT 5 yopanda ".1" ndi ya silicone, siisakanikirana ndi zinazi, musaiike.

Chotsala ndi kayendetsedwe. Lowani giya yotsika musanayambe mtsetse, yachiwiri kapena yachitatu. Pa otomatiki ikani pa 2, L, S kapena B malingana ndi galimoto. Pondani buleki mwamphamvu kwa masekondi ochepa, liwiro litsike, kenako siyani madisiki apume, m'malo mogoneka phazi pa pedulo njira yonse. Chizolowezi chija choika pa nyutirolo kapena kuzimitsa injini pofuna kupulumutsa mafuta n'choopsa: injini ikazima, chothandizira buleki chimatha mphamvu mukangoponda kawiri kapena katatu. Sichipulumutsanso kanthu, poti injini za injekishoni zimadula zokha mafuta mukamatsika muli m'giya phazi lili kumbali. Mukaima kumunsi musathire madzi pa madisiki otentha, amatha kung'aluka. Onetsetsaninso kuti mabuleki akumbuyo a pikiapuyo, omwe nthawi zambiri ndi a dilamu, ayandikitsidwa bwino ku dilamuyo, chifukwa akatalikira ntchito yonse imagwera kutsogolo.

FUNSO: Ndapeza mapadi m'bokosi la kampani yodziwika koma mtengo wake ndi theka la kwina. Ndingadziwe bwanji kuti ndi enieni komanso kuti alowa pa Subaru yanga? Wowerenga wa ku Mzuzu.

YANKHO: Bokosi aliyense angasindikize, ndiye tsegulani muone padi yeniyeniyo. Kumsana kwake kukhale dzina la kampani, nambala ya padi yofanana ndi ya pabokosi, ndi zilembo ziwiri zija. Mapadi ovomerezeka ku Ulaya amakhalanso ndi chilembo E chotsatana ndi nambala ya dziko, kenako "90R". Lamulo limenelo, ECE R90, limafuna kuti kagwiridwe ka padi kasasiyane ndi ka padi ya kufakitale kupitirira 15 peresenti, kaya kukwera kaya kutsika. Yang'anani pomwe mnofu wakumana ndi chitsulo: pasakhale mpata, guluu wotuluka m'mbali, kapena penti yopakidwa pamwamba pa dzimbiri. Zimenezo ndi zizindikiro za padi yakale yomatidwanso, ndipo yotereyi ikatentha mnofu umatha kusomphoka wonse kamodzi. Mapadi ena otchipa osadziwika kochokera amakhalabe ndi asibesitosi, yemwe fumbi lake limawononga mapapo, choncho fumbi la mabuleki musalipemerere ndi kompuresa. Tsukani ndi brake cleaner.

Za kulowa, dzina la galimoto ndi chaka sizikwanira. Magalimoto ochokera ku Japan amakhala ndi nambala ya chasisi pa kachitsulo pansi pa boneti kapena pa chipilala cha chitseko, yoyamba ndi zilembo monga SG5 kapena SH5 pa Forester. Pitani nayo kushopu, pamodzi ndi padi yakale kuti mukagundanitse. Subaru za STI zokhala ndi makalipa (zitsulo zopanira mapadi pa disiki) a kampani ya Brembo zimadya padi yosiyana kotheratu ndi zinzake za dzina lomwelo. Padi yomwe ikufuna kupalidwa ndi galayinda kuti ilowe si yanu, ibwezeni.

FUNSO: Ndinaikitsa mapadi atsopano okwera mtengo mwezi watha. Tsopano ndikaponda buleki pa 80 km/h chiwongolero chikunjenjemera. Amakaniko akuti madisiki apindika. Wowerenga wa ku Zomba.

YANKHO: Kupindika kwenikweni sikuchitikachitika. Kawirikawiri vuto limakhala lakuti disiki yasiyana makulidwe, pena yonenepa pena yopyapyala, ndipo kusiyana kwa mamilimita 0.02 okha kumamveka kale kuchiwongolero. Zimachokera kuwiri. Kwina ndi mnofu wa padi womwe wamatirira pa disiki mosalingana, makamaka munthu akaima ndi mabuleki otentha n'kupitiriza kuponda. Mukayang'ana mumaona chithunzi cha padi chitadindika pa disiki. Kwina ndi dzimbiri kapena mchenga womwe unatsala pakati pa habu (pomwe disiki ndi tayala zimamangidwa) ndi disiki, kapena manati omangidwa mosalingana ndi mfuti ya mpweya, zomwe zimayendetsa disiki mopendekera mpaka kudyeka mbali imodzi.

Apempheni amakanikowo ayeze kupendekera kwa disiki ndi kachipangizo kotchedwa dial gauge. Pa magalimoto ambiri a Toyota kupendekerako sikuyenera kupitirira mamilimita 0.05. Ayezenso makulidwe ndi micrometer pa malo angapo, n'kuyerekeza ndi nambala yolembedwa "MIN TH" m'mphepete mwa disiki. Ngati ikapalidwa pa makina itsalabe pamwamba pa nambalayo, ipalidwe. Apo ayi gulani ena, awiri onse.

Poikanso, ntchito iyende motere. Galimoto ikhale pa zochirikiza, osati pa jeke yokha. Kalipa ikoledwe ndi waya, isalendewere pa paipi yake ya labala. Habu ipalidwe ndi bulashi yawaya mpaka chitsulo chiwale. Mapini omwe kalipa imatsetserekerapo atsukidwe n'kupakidwa gilizi wa silicone, poti gilizi wamba amatupitsa timalabala take, pini n'kugwira, padi imodzi n'kutha yokha inzake ikadali yatsopano. Pisitoni ikankhidwe pang'onopang'ono uku mukuyang'ana kuti fluid isasefukire pa kathanki kake. Makalipa akumbuyo omwe ali ndi handibuleki mkati amafuna pisitoni izungulitsidwe polowa, ndipo a handibuleki yamagetsi amafuna aikidwe kaye pa service mode. Manati amangidwe modumphanitsa ngati nyenyezi, ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri a Toyota amafuna 103 Nm. Musanasunthe galimoto, pondani pedulo kangapo mpaka ilimbe.

Kenako mapadi azolowere disiki. Ngati m'bokosi muli pepala la malangizo, tsatirani limenelo. Ngati mulibe, pezani msewu wopanda anthu, tsikani kuchokera pa 60 kufika pa 10 km/h ndi mphamvu yapakatikati, osaimiratu, ka 8 kapena ka 10 motsatizana. Kafungo pang'ono sikodabwitsa. Mukatero yendani mphindi 10 osaponda buleki kuti zizizire, ndipo pa makilomita 300 oyambirira pewani kuponda mwankhanza pokhapokha pangozi.

FUNSO: Ndalama zandichepera. Ndingaike a performance kutsogolo kokha? Nanga akale ndiwachotse atatha bwanji? Wowerenga wa ku Chipata.

YANKHO: Kutsogolo kokha n'kotheka, chifukwa ndiko kumagwira ntchito yaikulu, bola akumbuyo akhale abwino ndipo kusiyana kusapitirire chilembo chimodzi, monga GG kutsogolo ndi FF kumbuyo. Musachite zotembenuza: mapadi oluma kwambiri kumbuyo kokha amatha kumanga matayala akumbuyo msanga, galimoto n'kuzungulira, makamaka yopanda ABS pamsewu wonyowa. Kumanzere ndi kumanja sinthani limodzi nthawi zonse, ndi mapadi a m'bokosi limodzi.

Padi yatsopano yakutsogolo imakhala ndi mnofu wa mamilimita 10 mpaka 12. Ikafika pa 3 ichotseni, ngakhale kachitsulo kochenjeza kasanayambe kulira, chifukwa mnofu wopyapyala umapatsira moto ku pisitoni msanga. Poyeza musadalire yomwe ikuoneka kudzera pa rimu. Chotsani tayala muone yamkati, ya mbali ya pisitoni, poti nthawi zambiri ndiyo imayamba kutha.