Ng'ombeyo musagulitse kaye, achemwali

Achemwali, mwati bambo anu ku Ngabu asiya kuona, ndipo abale akuti mugulitse ng'ombe kuti mulembe munthu wowasamalira. Pepani ndithu. Koma ng'ombeyo ikhale kaye m'khola.

Kodi adokotala a maso anawaona? Akuluakulu ambiri kuno kuchigwa timangoti ndi ukalamba, pomwe ndi ng'ala, ndipo ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni, munthu n'kuonanso. Yambirani pa chipatala cha boma ku Chikwawa. Zikavuta akutumizani ku chipatala cha maso cha Lions Sight First ku Queens, ku Blantyre. M'zipatala za bomazi simulipira. Chimene chidye ndalama ndi minibasi yokwera ku Thabwa anthu awiri, kupita ndi kubwera, chakudya cha wowadikirira, komanso ulendo wina wokawaonanso. Ndalama imeneyi mbuzi ingakwanitse, kapena ngongole ya ku banki m'khonde. Musachedwe, chifukwa matenda ena monga glaucoma akaononga diso sabweza. Za mankhwala azitsamba odontheza m'maso, chonde ayi.

Akanena kuti maso sabwereranso, pitani ku ofesi ya Social Welfare kwa DC. Funsani za MACODA, bungwe la boma loona za anthu aulumali limene kale tinkalitcha MACOHA, ndi Malawi Union of the Blind, akuuzeni kumene bambo angapeze ndodo yoyera ndi wowaphunzitsa kuyenda nayo. Kwa amfumu funsaninso za Mtukula Pakhomo. Ndalama yake ndi yochepa ndipo si banja lililonse limalowa, choncho musaiwerengere isanafike.

Chimene chikundikhudza kwambiri ndi ichi. Banja likalephera kulipira wantchito, limatenga mdzukulu, kawirikawiri mtsikana, kuti azigwira agogo dzanja tsiku lonse, sukulu n'kuthera pomwepo. Mtengo umenewo umaposa ng'ombe. Bambo akaphunzira kuyenda okha pakhomo, safuna munthu wa tsiku lonse. Mangani chingwe kuchoka pakhonde kufika ku chimbudzi ndi ku bafa. Mpando, ndowa ndi mbaula zisamasunthesunthe. Asiyeni azitongola chimanga, azidyetsa nkhuku, aziweruza nkhani za pabanja monga kale. Kuwachitira chilichonse kumawafooketsa mtima msanga.

Abale a m'tauni asamangoti "tidzaona". Mugwirizane kuti aliyense azitumiza zingati pa Airtel Money kapena Mpamba mwezi ukatha, ndipo amene akukhala ndi bambowo azilandirako ya sopo, poti nayenso wasiya maganyu.

China, poti kwathu kuno madzi osefukira sachenjeza, monga tinaonera ndi namondwe wa Freddy mu 2023, sankhaniranitu munthu amene adzawatsogolere kumtunda usiku, ndipo a komiti yoona za ngozi m'mudzimo adziwe kuti panyumbapo pali munthu wosaona.