Kodi tipulasitiki toonekera mkati tingawongole mano a munthu wamkulu?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina wa zaka 36. Akuti mano awo akutsogolo a m'munsi ndi opanikizana, lina linakwera pa linzake, ndipo chiyambire ali pasukulu amaseka atagwira pakamwa. Anaona malonda a ma aligner pa intaneti, tipulasitiki tija toonekera mkati tovala m'mano, ndipo kampaniyo ikulonjeza kutumiza zonse kunyumba popanda kuonana ndi dokotala. Akufunsa kuti: "Kodi sindinachedwe? Nanga ndingogula zimenezi, kapena ndikavale mawaya?"

Mayi, simunachedwe ayi. Ine ndinayamba kuwongola anga ndili wamkulu kale, ndipo mawu anuwo andikhudza chifukwa dzanja lapakamwalo ndikulidziwa.

Dzino silinakhomedwe m'fupa ngati msomali m'thabwa. Pakati pa muzu ndi fupa la nsagwada pali timinyewa topyapyala tomwe timaligwira. Mukalikankha pang'onopang'ono osalekeza, fupa la mbali yomwe likuloweralo limasungunuka, kwinaku kumbuyo kukumera fupa latsopano. Thupi limachita zimenezi pa msinkhu uliwonse, kungoti kwa wamkulu zimayenda mochedwerapo. Mawaya, aja omatidwa pa mano, ndi ma aligner onse amadalira njira yomweyi. Chimene sichitheka kwa inu ndi ine ndi kusintha kakulidwe ka nsagwada, poti inasiya kale kukula. Ngati vuto lili pa nsagwada yeniyeniyo, mwina ya m'munsi inatsogola kwambiri, nthawi zina pamafunika opaleshoni.

Nzeru ya tipulasitiki timeneti si yadzulo. Mu 1945 dokotala wa ku America, Harold Kesling, anapanga chovala m'mano cha labala chomalizitsira kuwongola mano. Zinafala zenizeni kampani ya Align Technology itakhazikitsidwa ku California mu 1997 n'kutulutsa ma aligner otchedwa Invisalign, pomwe kompyuta inayamba kujambula ulendo wonse wa dzino lililonse. Lero makampani opanga ndi ambiri. Dokotala amajambula m'kamwa ndi kamakina, kapena amadinda mano pa phala louma msanga, ndiye mumalandira tipulasitiki tambiri totsatizana. Kalikonse kamasuntha dzino pafupifupi mamilimita 0.25 basi, ndipo mumasintha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri.

Pali zomwe otsatsa malonda satchula. Kapulasitikiko kamayenera kukhala m'kamwa maola 20 mpaka 22 tsiku lililonse. Awerengeni bwino maolawo. Otsalawo ndi odyera ndi kutsuka mano, basi. Mukakavala simudya kanthu, mumangomwa madzi ozizira, chifukwa chakumwa chotentha chimakapinda, ndipo chotsekemera chimatsakamira pakati pa pulasitiki ndi dzino, malovu osafikapo, dzino n'kuyamba kubooka. Ine ndinkayenda ndi mswachi m'chikwama kulikonse. Tsiku loyamba la kapulasitiki katsopano, mano ankamva ngati wina wawafinya ndi zala, ndipo pokavula ndinkakoka ndi chikhadabo kuyambira ku dzino lakumapeto, misozi ili lengelenge. Pofika tsiku lachitatu kankangolowa kokha. Masiku oyambirira lilime linkaphonyanso, "s" ankatuluka ngati mluzu, koma zinatha pasanathe sabata ziwiri.

Tsiku lina ndikudya ndi anzanga ndinakakulunga m'katishu n'kukaika pambali pa mbale. Pochotsa mbale, katishu kanapita limodzi. Ndinabwerera ku kapulasitiki kakale mpaka china chitabwera, ndipo ulendo wanga unatalika ndi masabata angapo. Kabokosi kosungiramo kapulasitiki kamene amakupatsaniko muzikagwiritsa ntchito.

Komanso si kuti tipulasitikiti sitioneka n'komwe. Anthu ambiri dokotala amawamatira pa mano timabatani tating'ono ta mtundu wa dzino, kuti pulasitiki ipeze pogwira. Munthu amene mwayandikana naye amationa. Mano akakhala opanikizana ngati anuwo, dokotala amathanso kupala pang'ono m'mbali mwa mano ena kuti papezeke malo, kawirikawiri osapitirira theka la milimita pa mpata umodzi. Sizipweteka, koma chimene chapalidwa sichimeranso, ndiye ndi bwino kuti wopalayo akhale wodziwa ntchito yake.

Nanga mawaya? Ine sindiwanyoza, ndipo pa mavuto ena ndiwo abwino. Ma aligner amachita bwino pa mano opanikizana pang'ono kapena okhala ndi mipata. Amavutika potembenuza dzino lobulungira, ngati losongoka lija la pambali, pokokera kunja dzino lomwe silinatulukitse, ndi potseka mpata waukulu pomwe anazulapo dzino, chifukwa pamenepo muzu wonse umayenera kuyenda, osati mutu wokha. Mawaya ali ndi ubwino wina woti suwavula. Ngati mukudziwa kuti ndinu woiwalaiwala, muvomereze kwa dokotala, musadzinamize. Kapulasitiki kali m'chikwama sikawongola kanthu.

Tsopano pa zogula pa intaneti popanda kuonana ndi dokotala, apa ndiye ndikukupemphani ndi mtima wonse: musatero. Zimene mumaziona pagalasi ndi mutu wa dzino. Gawo lalikulu ndi muzu, uli m'kati mwa fupa, ndipo umaoneka pa X-ray pokha. Akuluakulu ambiri ali ndi matenda a nkhama osadziwa, chifukwa sapweteka msanga. Chizindikiro chake chimangokhala timagazi pa mswachi. Matendawa amadya fupa logwira mano, ndipo kukankha dzino lomwe fupa lake latha kale kungalichititse kugwedera mpaka kuguluka. Mizu nayonso imatha kufupika pang'ono powongola, ndiye pamafunika wina woyang'anira. Chithunzi cha pafoni sichingaonetse zonsezi.

Palinso nkhani ya kalumidwe. Edward Angle, amene amatchedwa tate wa ntchito yowongola mano, mu 1899 anagawa mavuto a mano m'magulu atatu potengera mmene mano otafunira a m'mwamba ndi a m'munsi amakumanirana. Madokotala amagwiritsabe ntchito magulu amenewo. Mano asanu ndi limodzi akutsogolo atha kufola bwinobwino pomwe akumbuyo asiya kugundana, munthu n'kumalephera kutafuna. Ndipo kampani ikagwa mumadandaula kwa ndani? SmileDirectClub ya ku America, yomwe inatchuka kwambiri ndi zotumiza kunyumbazi, inatseka mu Disembala 2023, anthu ambiri n'kutsala panjira mano asanafike pomwe amapita.

Nanga zimatenga nthawi yaitali bwanji? Vuto laling'ono limatha m'miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, koma ambiri amatenga chaka mpaka chaka ndi theka, ndipo mavuto akuluakulu amafika zaka ziwiri. Nthawi zambiri pomaliza amakujambulaninso n'kuwonjezera tipulasitiki tina tokonzera mano amene atsalira. Zimenezo si kulephera, zimachitika kwa ambiri.

Mukamaliza, mano amafuna kubwerera kwawo. Timinyewa tija timawakoka, ndipo mano a m'munsi akutsogolo, omwewo akukusautsaniwo, ndiwo amathawa msanga. N'chifukwa chake amakupatsani retainer, kaya ya pulasitiki yogona nayo usiku, kaya kawaya kopyapyala komatidwa kuseri kwa mano. Sikuti ndi ya miyezi yochepa. Ine yanga ndimagona nayo mpaka lero, ndipo ndikaijomba masiku atatu imalowa mothina.

Ndiye Mayi, yambani ndi dokotala wa mano aone nkhama, atsuke miyala ya m'mano, amate obooka. Kenako mukaonane ndi katswiri wowongola mano, amene anaphunzira zaka zina zowonjezera pa ntchito yokhayi. Mumufunse ngati vuto lanu lingathe ndi ma aligner kapena likufuna mawaya, ndipo afotokoze chifukwa chake akukuonetsani X-ray yanu. Mufunsenso ngati padzazulidwe kapena kupalidwa dzino, kuti muzidzabwera kangati, komanso ngati ndalama zomwe akutchulazo zikuphatikiza tipulasitiki towonjezera ndi retainer. Akayankha mothamanga, kaoneni wina. Mukapita, mudzandilemberenso, ndikufuna kumva zomwe apeza pa dzino lokwera pa linzake lija.