Tambala wa aneba ndi munthu wogogoda mazenera ku Manchester

Amayi ena okhala ku Manchester andilembera imelo. Akuti mwana wawo wazaka 11, atabwerako kumudzi kutchuthi, anawafunsa chifukwa chake azungu sanasaukepo ngati ife, iwo n'kusowa choyankha. Akufuna malo oti akamuonetse kuti nawonso anasaukapo.

Amayi, kalata yanu yandifikitsa kutali. Ine ndinakulira ku Ndirande m'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi, tilipo asanu ndi awiri, chimbudzi chimodzi cha pulota yonse. Bambo anga ankagwira ntchito pa fakitale ina ya nsalu. Wotchi analibe, ankadalira tambala wa aneba. Chaka china tambalayo anadyedwa pa Khirisimasi, bambo anachedwa, kapitawo n'kuwadula malipiro a tsiku lonse. Mayi anga mpaka lero nkhani ya nkhukuyo saiseka.

Ndiye tsiku limene ndinamva kuti ku Manchester kunali ntchito yodzutsa anthu, ndinangoti kakasi. Munthu ankayenda kudakali mdima ndi ndodo yaitali, kugogoda mazenera a anthu ogwira ntchito m'mafakitale a thonje, iwo n'kumamulipira timakobiri pamlungu. Nawonso wotchi analibe, ndipo wochedwa ankamudula malipiro. Tambala wathu uja, koma wa miyendo iwiri ya munthu.

Mu 1801 mzindawo unali ndi anthu pafupifupi 75,000, pofika 1851 anapitirira 300,000. Anthu ankachoka m'midzi ndi ku Ireland kudzasaka ganyu, monga momwe timathamangira ku Blantyre. Nyumba zinachepa, mabanja ena n'kumagona m'zipinda zapansi pa nthaka. Kumalo otchedwa Little Ireland, mtsinje wa Medlock ukadzaza, madzi onyansa ankalowa m'zipindamo. Kolera inavuta mu 1832. Lipoti la zaukhondo la mu 1842, limene analemba mkulu wina wa boma dzina lake Edwin Chadwick, linapeza kuti m'mabanja a anthu aganyu ku Manchester, mukaphatikiza onse omwalira, zaka zawo zinkangokwana 17 pa munthu, chifukwa ana ankafa ali akhanda.

Apa ndiye pamene ndimapsera mtima anzanga ena pa Facebook amene amati azungu analemera chifukwa cholimbikira, ife ndife aulesi. Analimbikira ndani? Ana! Mpaka boma linachita kukhazikitsa lamulo mu 1833 loletsa ana osakwana zaka 9 kugwira ntchito m'mafakitale a nsalu. Ngakhale David Livingstone, amene tinamuloweza kusukulu, anayamba ali ndi zaka 10 kulumikiza ulusi woduka pa fakitale ya ku Blantyre wa ku Scotland, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku. Aphunzitsi athu ankatiuza za mkango umene unamuluma mkono, koma za ulusizi ayi. Ndipo thonje lambiri linkalimidwa ndi akapolo ku America. Bambo anga sanali aulesi, amayi. Anapuma ntchito chifuwa chitatha ndi fumbi la thonje.

Kumene mungapite

Yambirani ku Ancoats mukaone Murrays' Mills, mafakitale amene anayamba kumangidwa m'ma 1790. Lero muli nyumba zogona zodula, mwana angaganize kuti munali mokoma chomwecho kalekale. Kenako yendani naye ku Angel Meadow. Lero ndi paki ya udzu wobiriwira, koma pansi pake panaikidwa amphawi zikwizikwi. Makina oluka nsalu akawaone ku Science and Industry Museum, pa siteshoni ya sitima ya mu 1830. Zipinda zapansi zija musavutike kuzifuna, zambiri anagwetsa. Mutenge jekete, ku Angel Meadow kulibe pobisala mvula.